Manja a Bambo Kihwele

Yustina Kihwele ndinkagona naye chipinda chimodzi nthawi imene tonse tinkalimbana ndi digiri yachitatu ku Morogoro, digiri ija imam'patsa munthu dzina loti Dokotala ngakhale sadziwa kubaya jakisoni. Sindinaonepo munthu wosatha kufupikitsa nkhani ngati iyeyo. Ukam'funsa kuti sopo wamuika pati, ankayambira kumene anakam'gula. Ine ndine Zabibu, kwathu ndi ku Tanga, ndipo ndili ndi mtima wapachala, choncho kukangana kokha tinkakangana. Koma ndinkam'konda, ndipo zimene zinam'chitikira zimandiwawa mpaka lero.

Kwawo kunali ku Ilula, kumene munthu amabadwira m'tomato ndi kukalambira momwemo. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndiye analeredwa ndi bambo ake, pamodzi ndi mlongo wake Gaudensi. Bambo Kihwele anali munthu wamfupi, woyenda chowongoka, wapampando wa alimi a m'dera lawo komanso mkulu wa mpingo. Pamsika akayankhula iwo, ngakhale ogula ochokera ku Dar es Salaam ankayamba atsitsa mawu. Manja awo ankadziwika ndi aliyense. Chala chamkombaphala cha kumanja chinaduka nsonga ndi chikwanje kalekale, ndipo khungu lake linali losweka ngati la kuphazi.

Tomato akangopsa, dengu loyamba linkakwera basi kubwera kwa ife. Tinkadya tomato mpaka kum'lota. Yustina ankatenga wina kupita naye kulabotale kukam'pima ngati ali ndi mankhwala. Kafukufuku wake anali womwewo: mmene mankhwala opopera mbewu amalowera m'magazi a mlimi kudzera pakhungu. Sanausankhe mutuwu chifukwa chofuna dzina ayi. Anaona manja a bambo ake atayamba kunjenjemera pogwira kapu ya tiyi. Iwo ankatakasa mankhwala m'ndowa ndi mkono wopanda kanthu, kenako n'kukhudza chala palilime kuti amve ngati akuluma, poti ogulitsa ena amathira madzi m'mabotolo ndipo mlimi amataya munda wonse atapopera madzi. Yustina anawagulira magolovesi kangapo konse, iwo n'kumasungiramo misomali.

Chimene chinkamudya mtima ndi chakuti bambo akewo sankadziwa chimene mwana wawo akuchita. Akaimba foni funso linali lomwelo.

"Iwe Sekihwele, sukulu yakoyo ili ndi khomo lotulukira?"

Sekihwele ndi dzina limene ankamuitanira akakondwa naye, monga amachitira anthu a mtundu wawo, Ahehe, ndi ana awo aakazi. Yustina akayamba kufotokoza, ankayambira kutali monga mwa nthawi zonse, mpaka iwo ankati, "Chabwino, chabwino, mayunitsi akutha." Iye ankangofuna tsiku limodzi loti bambo ake amve, amvetse, anyadire.

Ndiye pa yunivesite panabwera mpikisano wina. Aliyense wochita kafukufuku amapatsidwa mphindi zitatu zokha kuti afotokozere anthu wamba ntchito yake yonse. Chithunzi chimodzi kumbuyo kwako, osaimba, osanyamula kanthu m'manja, ndipo belu likalira usanamalize wagwa basi. Chaka chimenecho akuluakulu anaganiza kuti zichitike m'Chiswahili, osati m'Chingelezi, kuti ngakhale wogulitsa makala amve. Ine ndinakana kulowa, ndinati sindingathire zaka zanga zonse m'kasupuni. Koma Yustina anadumpha ndi chimwemwe. Anati tsiku lija ankalifuna lafika, ndipo anaimbiratu foni kumudzi kuwaitana bambo ake.

Chithunzi anali nacho kale. Anawajambula tsiku lina akutakasa mankhwala, manja okhaokha ndi ndowa. Iwo anavomera, poganiza kuti chikalowa m'chibuku cha Chingelezi chimene chidzakhale pashelefu kudyedwa ndi fumbi. Ndipo ife akafukufuku tili ndi chikhulupiriro chathu chimene timaphunzitsana kuyambira chaka choyamba: ukachotsa dzina, n'kudula nkhope, ndiye kuti munthu wam'bisa. Tonse tinkakhulupirira zimenezo ngati pemphero.

Wophunzitsa olowa mpikisano anali Dokotala Lyimo, bambo wansangala, wokonda kuti anthu aziseka. Sindinganene kuti anali woipa mtima, koma ndikamuona mpaka lero ndimawoloka msewu. Masana ena ndinam'perekeza Yustina kokayeserera. Anayankhula bwino kwambiri. Anafotokoza chifukwa chimene mlimi amalawira mankhwala, n'kufotokoza zimene anapeza m'magazi, ndipo pomaliza analoza chithunzi n'kunena kuti, "Manja awa ndi a bambo anga. Ndi amene anandiphunzitsa sukulu. Ndikufuna akalambe ali ndi manja awo." Ine misozi inalengeza.

A Lyimo anakweza foni imene ankawerengera nthawi.

"Mayi Kihwele, mwapyola kutali. Belu likadalira muli pakati. Zothokozazo chotsani, kuno si ku ukwati."

"Koma a Dokotala, mawu omalizawo ndi amene ndikuwafuna."

"Malamulo mukuwadziwa inu. Dzina ayi, nkhope ayi. Mukangoti bambo anga, mwam'vula munthu pagulu. Zija za mabotolo amadzi zijanso chotsani, imeneyo ndi nkhani ya apolisi. Koma pamene mukunena zolawa paja ndiye pali ndiwo. Pamenepo yambirani pomwepo. Mukanena, imani pang'ono, muwayang'ane anthu. Aseka. Anthu akaseka, basi mwawagwira."

Yustina anandiyang'ana, kenako anayang'ana pansi. Anali munthu womvera aphunzitsi, ndi mmene anafikira pamenepo kuchokera ku Ilula. Anadula apa, anadula apo, mpaka nkhani inakwana m'mphindi zitatu. Anadzitonthoza kuti mawu odulidwawo adzawauza bambo ake pamaso akakatuluka m'holo.

Tsikulo bambo Kihwele anafika pa basi ya m'mawa, atavala suti yawo ya kutchalitchi, chipewa kumutu, dengu la tomato pambali. Yustina anagwada powapatsa moni, iwo anam'dzutsa ndi manja onse awiri. Tinakadya tchipisi cha mazira panja pa geti, ndipo anali ndi nthabwala tsiku limenelo.

"Iwe Zabibu, tomato wanga mumadya nonse awiri. Nanga iwe amapita kuti, osanenepa?"

"Amathera m'mutu, bambo."

"Aa, ndiye mitu yanuyo yafiira m'kati. Lero ndimve ndi makutu angawa chimene mwana uyu wakhala akukumba zaka zonsezi. Ndawauza onse kumsika kuti ndikupita kukamva Sekihwele akuyankhula pamaso pa maprofesa."

Holo inadzaza. Kunali amayi a kumsika, anyamata a njinga zamoto, ana a sukulu, ndi akuluakulu kutsogolo. Ine ndinakhala pafupi ndi bambo Kihwele. Anavula chipewa n'kuika manja pamaondo monga amakhalira m'tchalitchi. Woyamba anayankhula za makoswe, wina za mkaka wa mbuzi, wina belu linam'dula ali pakati pa mawu ndipo anatsika akupukusa mutu. Bambo Kihwele ankaombera m'manja aliyense mofanana.

Kenako anaitana Yustina. Chithunzi chinayaka pakhoma, chachikulu ngati chitseko cha galaja. Pafoni chinkaoneka chaching'ono, koma apa mng'alu uliwonse wa khungu unaoneka, ndipo chala choduka chija chinali chachitali kuposa Yustina mwiniwake.

"Ife kulabotale timapima mankhwala ndi makina," anayamba motero. "Mlimi uyu amapima ndi lilime."

Anaima pang'ono n'kuwayang'ana anthu, monga anam'phunzitsira. Holo yonse inafa ndi phwete. Mnyamata wina kumbuyo anakuwa kuti, "Amathirako mchere?" ndipo anthu anasekanso kwambiri, mpaka akuluakulu akutsogolo aja. Yustina anamwetulira, poti magetsi ankamuthobwa m'maso ndipo sankaona aliyense.

Ine ndinkaona. Bambo Kihwele anayang'ana chithunzi, kenako anayang'ana pamaondo pawo. Mayi wina amene anakhala mbali inayo anali ataona kale chala chija, ndipo anam'kodola mnzake ndi chigongono. Mnzakeyo anasuzumira, n'kugwira pakamwa. Bambo aja anakoka manja awo pang'onopang'ono n'kuwalowetsa pansi pa chipewa. Sanasunthenso. Zonse zimene mwana wawo ananena pambuyo pake zinali zoona ndi zanzeru: kuti mankhwala amalowa m'magazi, kuti amawononga impso, kuti alimi afunika kuphunzitsidwa. Koma panalibe mawu onena chifukwa chimene munthu wamkulu angaikire poizoni palilime. Kwa onse omvera, mlimi wa pachithunziyo anali mbuli yoseketsa basi.

Anamaliza belu lisanalire, ndipo anapambana. Anthu anaimirira kuomba m'manja. Bambo Kihwele anaimirira nawo, koma manja anali m'matumba a jekete.

Panja Yustina anabwera akuthamanga, chikho chili m'manja, anthu akum'gwira chanza mbali zonse.

"Bambo, mwamva? Mwamva zonse?"

"Ndamva zonse. Chiswahili chanu n'chomveka bwino, a Dokotala."

Yustina anaseka, ankayesa nthabwala. Ataona nkhope yawo, kuseka kunatha.

"Bambo, panali mawu ena. Anandidulitsa chifukwa cha nthawi. Ndimafuna kunena kuti..."

"Anthu akukudikirani uko, pitani. Ine ndikwere basi ya masana, munda ndausiya wokha."

Iwo anali atabwera ndi chikwama choti agone, ndipo tinali titawakonzera malo. Yustina anatambasula dzanja kuti atsanzikane, iwo anangowerama pang'ono, manja ali m'matumba, n'kumapita. Anayenda chowongoka monga mwa nthawi zonse mpaka kukatuluka pageti.

Zikanathera pomwepo mwina bala likanapola. Koma mpikisanowo anaujambula, ndipo wina anadula kachigawo koseketsa kaja kokha n'kukaponya m'mafoni. Sabata isanathe kanali katafika ku Ilula. Kuno ku Morogoro chinali chithunzi cha mlimi wosadziwika. Ku Ilula ngakhale mwana woyamwa akanakuuza mwini wake wa chala chimenecho. Gaudensi anaimba foni ine ndili pomwepo, ndipo ankayankhula mokweza moti ndinkamva zonse.

"Achemwali, mwawachita chiyani madala? Kumsika sakudutsanso. Anyamata osenza madengu akangowaona akuti, ‘A tcheyamani, tabwerani mutilawire apa, mutiuze ngati akuluma.’ Onsewo amalawa, achemwali, ngakhale abambo awo amalawa, koma amene ali pakanema ndi athuwa."

"Apatse foni ndiyankhule nawo."

"Akuti ali kumunda."

"Iwe Gaudensi, ndikuwamva akutsokomola pomwepo."

"Akuti ali kumunda, achemwali."

Mwezi womwewo anatula pansi udindo wa upampando. Kutchalitchi, nthawi yopatsana moni wa mtendere, munthu amene ankazungulira mabenchi onse kugwirana chanza ndi aliyense anayamba kungowerama ali pamalo pake.

Yustina anapita kumudzi, ine ndinam'perekeza poti sankadya ndipo ndinaopa kuti akomoka m'basi. Tinawapeza pakhonde akusankha tomato. Atationa patali analowa m'nyumba, ndipo potuluka anali atavala magolovesi, omwe aja ankasungiramo misomali. Zaka zonse zija anawachonderera kuti azivala, lero anavala, ndipo Yustina atawaona analira. Anagwada pafumbi pomwepo n'kunena nkhani yake yonse mmene anailembera poyamba, ya mabotolo amadzi, mpaka mawu omaliza aja. Panalibe belu lomudula. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, poti sanali munthu wodula mnzake pakamwa.

"Ndi mawu abwino," anatero. "Koma akanamveka kuja, anthu ali pomwepo. Kuno amva ndi nkhuku."

"Bambo, ndikhululukireni."

"Palibe cholakwa. Simunaname. Ndimalawa ndithu." Anayang'ana magolovesi aja. "Kungoti sindinkadziwa kuti amaoneka choncho."

Chakudya anakadyera m'chipinda chawo okha. Masiku onse amene tinakhala kumeneko, Yustina akangotulukira, manja aja ankalowa m'magolovesi, m'matumba kapena kumbuyo. Sanam'kalipire, sanam'thamangitse. Ine ndikanakonda akanam'tukwana, poti mkwiyo umatha. Awa anali manyazi, ndipo sankadziwa poti awatulire.

Opambana m'mayunivesite onse anakakumana ku Dar es Salaam. A Lyimo anamuuza kuti asasinthe ngakhale liwu limodzi, koma ulendo uno Yustina sanamvere. Anachotsa nthabwala ija, anabwezeretsa zonse zimene anadula. Palibe anaseka. Anafika ponena kuti, "Manja awa ndi a bambo anga," belu n'kulira. Iye anapitiriza mpaka kumaliza, belu likulirabe, woyendetsa mwambo ataima pambali pake kudikira chimkuzamawu. Anam'chotsa mumpikisano monga mwa lamulo. Kanema ameneyo palibe anam'gawa, poti munalibe choseketsa. Yustina anam'tumiza pafoni ya Gaudensi kuti awaonetse bambo, yankho linabwera loti maso akuwavuta, adzaonera tsiku lina.

Dengu silinasiye kubwera. Tomato akapsa linkafika pa basi monga kale, lomangidwa bwino ndi luzi. Yustina ankalitsegula, n'kukhala pansi kuliyang'ana, tomato n'kugawira anthu a zipinda zina. Pafoni ankayankhulana, za mvula, za mitengo ya feteleza, mwaulemu ngati anthu okumana pamaliro. Dzina loti Sekihwele silinamvekenso. Iye ankati akadzamaliza, bambo akadzamuona atavala mkanjo, adzamuitananso, ndipo ankagwira ntchito ngati wamisala kuti tsikulo lifulumire.

Impso sizinadikire. Bambo Kihwele anadwala nthawi ya mvula, anabisa, ndipo anauza Gaudensi kuti asam'sokoneze mwana ali pafupi kulemba mayeso omaliza. Pamene uthenga umatipeza, anali atatisiya kale.

Pamaliro panali anthu osaneneka. Anyamata osenza madengu aja ndi amene anakumba manda, ndipo ankalira kuposa aliyense, moti ine ndinalakalaka nditawakankhira momwemo. Itafika nthawi yoona nkhope, tinafola pamzere, ine ndili kumbuyo kwa Yustina nditam'gwira m'chiuno. Anawaveka suti ija ya kutchalitchi. Manja anawapinda pachifuwa, ndipo monga timachitira ndi maliro athu onse, anawaveka magolovesi oyera.

Yustina anaima. Sanayang'ane nkhope, ankayang'ana pachifuwa. Anam'kodola Gaudensi amene anaima kumutu kwa bokosi.

"Avule limodzi lokha," ananong'ona. "Lakumanja. Ndingogwira dzanjalo."

"Achemwali, anthu akuona."

"Gaudensi, chonde."

"Sizichitika zimenezo, mukudziwa."

Mkulu woyendetsa mwambo anayandikira n'kunena mofatsa kuti, "Tiyeni mayi, tiyeni, nthawi yatha, anzanu ali pambuyo." Mzere unatikankha, tinadutsa.

Lero Yustina ndi Dokotala Kihwele, amaphunzitsa pa yunivesite yomweyo, ndipo ine ndimagwira ntchito m'labotale ya pansi pa ofesi yake. Sanakwatiwe, amalipirira sukulu ana a Gaudensi, ndipo nthawi ya tchuthi amayendera alimi m'midzi atanyamula magolovesi m'chikwama. Sajambula munthu. Wophunzira wake akafuna kulowa mpikisano uja samuletsa, amangom'funsa kuti, "Mwini wake wa nkhaniyi atakhala kutsogolo, unganene?" Munthu uja sankatha kufupikitsa nkhani, pano ukam'funsa kanthu amayankha mawu awiri. Ndimasowa macheza ake otalika aja, amene ndinkam'kalipira nawo.

Ofesi yokonza mpikisano inasindikiza chikwangwani chachikulu choitanira ophunzira chaka ndi chaka, ndipo anasankha chithunzi chimene chinapambana. Amangosintha deti, manja ndi omwewo. Chili pakhoma la m'khonde limene Yustina amadutsa popita kukaphunzitsa. Tsiku lina ndinam'peza ataima pamenepo, mabuku ali pachifuwa, ophunzira akum'zungulira ngati mtengo. Ndinagwira ngodya ya chikwangwanicho kuti ndiching'ambe, achite zimene angachite, kaya andichotsa ntchito.

Anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Zabibu, usachotse," anatero. "Ukachotsa, ndikawaonanso kuti?"